The Immaculate Collection ya Madonna: nyimbo n'zomwe zija, koma anazikonzanso

Musanagule chimbale ichi, chosonkhanitsa nyimbo zotchuka za Madonna, woyimba wa ku America, dziwani kuti nyimbo zakale zimene zilimo sizikumveka momwe zinatulukira poyamba. Kampani ya Sire inachitulutsa mu Novembala 1990 chili ndi nyimbo 17. Mwa izi, 15 n'zakale, kuyambira "Holiday" ya 1983 mpaka "Vogue" ya 1990, ndipo katswiri wokonza nyimbo Shep Pettibone anazisakanizanso mothandizana ndi Goh Hotoda ndi Michael Hutchinson. Zatsopano ndi ziwiri, "Justify My Love" ndi "Rescue Me".

Kuti zonse zikwane pa CD imodzi ya mphindi 73, zina anazidula. "Holiday", imene pa chimbale choyamba cha Madonna imaposa mphindi 6, muno ikuthera pa mphindi 4. Apa sipanawonongeke kanthu, nyimboyo yangofupika.

Pamene pakupweteka m'pa "Like a Prayer". Ya 1989 ija mphamvu yake ili pa kusinthasintha: Madonna amayimba motsitsa, ng'oma zili zii, kenako kwaya ya Andraé Crouch n'kubwera ndi mphamvu zonse. Muno anayikamo ng'oma za m'malo ovinira zimene zikugunda pafupifupi nyimbo yonse, moti pofika kwaya ija khutu lazolowera kale phokoso ndipo thupi silichitanso tsemwe. Yovinira ndi yabwino ndithu, koma amene sanamvepo yoyambayo aifunefune. "Express Yourself" nayonso malipenga ake aja analowedwa m'malo ndi makiyibodi.

Posakaniza anagwiritsa ntchito njira yotchedwa QSound, imene imachititsa kuti zoyimbira zina zimveke ngati zikuchokera m'mbali, kupitirira pamene pali masipika. Kuti mumve zimenezi pamafunika masipika awiri ofanana, otalikirana pang'ono, inu n'kukhala pakati moyang'anizana nawo. Pa kasipika kamodzi ka Bluetooth kapena pa sipika ya foni, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimaphatikizana ndipo zonsezi zimasowa. Yesani ndi "La Isla Bonita", pamene gitala ndi timang'oma tating'ono zimamveka motambasuka bwino.

Kasanjidwe kake n'kotsatira zaka, choncho mumamva mawu a woyimbayu akukhwima, kuchoka pa kamawu kopyapyala ka mu "Lucky Star" kufika pa mawu akuya a mu "Live to Tell". Zosowa zilipo ndithu. "True Blue", "Who's That Girl", "Dress You Up" ndi "Causing a Commotion" mulibe, chonsecho zinatchuka kwambiri.

Wofuna nyimbo zambiri, kuphatikizapo za pambuyo pa 1990, atenge chimbale china cha Madonna, Celebration ya 2009 ya ma CD awiri. Wofuna chimbale chimodzi choti chiyimbe osadumpha nyimbo, pa phwando kapena pa ulendo wautali, The Immaculate Collection imukwanira. Pogula CD yogwiritsidwapo kale ntchito, iyang'aneni pa kuwala, makamaka cha m'mphepete: CD imawerengedwa kuchokera pakati kupita kunja, ndiye ikakalika kumeneko zodumphadumpha zimakhala "Vogue" ndi nyimbo ziwiri zatsopano zija.