Phil Rudd kapena Keith Moon: pa ma drums a hard rock mutsatire ndani?

Kwa amene mukuphunzira ma drums, mkangano uwu muumva ndithu. Ena amati Phil Rudd wa AC/DC sadziwa kanthu, amangoponda kiki (ng'oma yaikulu yakuphazi) pa 1 ndi 3 powerenga 1-2-3-4, sineya (ng'oma yaing'ono yolira mokweza) pa 2 ndi 4, hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo) kumangoti tsi-tsi-tsi mpaka nyimbo kutha, pomwe Keith Moon wa The Who ndiye anali chilombo, ma fill (zokometsera zomenya mosiya kaye bit) paliponse, ma tom ndi ma cymbal phokoso lokhalokha, hi-hat nthawi zambiri osaikhudza n'komwe.

Koma tawerengani kaye magitala. AC/DC inali ndi awiri, Angus ndi malemu Malcolm Young, ndipo ma riff awo (tizigawo tagitala tobwerezabwereza) amakhala ndi timipata tachete pakati, mverani alubamu ya Back in Black ya 1980 mumve. Timipata timeneto ndi tomwe timapangitsa munthu kugwedeza mutu, ndiye wa ma drums akatidzaza ndi ma fill basi nyimbo yafa. Rudd amatisiya dala. Ndipo musanamizidwe kuti n'zophweka aise, kumenya sineya ndi mphamvu yofanana, tempo osathamanga osatsalira kwa mphindi zinayi, manja akuyabwa kufuna kuonetsa luso koma iwe osalola, ambiri amalephera pompo. Rudd atachoka mu 1983 panabwera Simon Wright kenako Chris Slade, akatswiri onsewo, komabe mu 1994 anamuitananso Rudd.

The Who inali ndi gitala imodzi basi. Pete Townshend wa gitalayo ndi John Entwistle wa bezi ndi amene ankagwira nthawi, Moon n'kumayendayenda pamwamba pawo mmene akufunira. Ndiye funso ndi loti mu bandi yanuyo muli wa bezi ngati Entwistle? Ngati wa bezi wanu amadalira kiki yanu kuti adziwe pomwe muli, mukangoyamba za Moon nonse mugwera m'dzenje limodzi, woimba adzangokutembenukirani ndi diso lija.

Pali John Bonham wa Led Zeppelin amene ambiri amamuika mbali ya Moon chifukwa cha ma solo ake aatali, ine ndimakana. Bonham anali ndi phazi loopsa, pedulo imodzi pa kiki ya mainchesi 26, koma mu nyimbo zambiri amakhala pa groove (kayendedwe ka bit) yolemera osasuntha, zokometsera zake zimabisala ku phazi ndi timaghost note (timamenyedwe tapansipansi) pa sineya. Atamwalira mu 1980 bandi inangotha.

Ineyo ndikuti yambani ndi Rudd, metronome (kachipangizo kosunga tempo) ili kukhutu, dzijambuleni pa foni mumve mmene mumathamangira mukangotuluka mu fill. Zikakhazikika onjezani za Bonham pang'onopang'ono. Za Moon zisungireni tsiku lomwe mwapeza wa bezi woti sasochera, komanso ndalama zogulira ma cymbal atsopano, chifukwa kamenyedwe kameneko amang'aluka msanga.