Kaofesi kolemba mabuku a banki m'khonde pa Ngabu: zimene ndaona m'chaka chimodzi

Gulu lathu la banki m'khonde lili ndi mamembala 25, ambiri mwa iwo alimi a thonje ndi mapira pamodzi ndi amayi ochita geni pamsika wa Ngabu, ndipo ine ndakhala mlembi wake kwa zaka zinayi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasefukiza madzi m'chigwa cha Shire, madzi analowa m'nyumba ya mayi amene ankasunga bokosi lathu. Ndalama zinapulumuka, koma kaundula wamkulu ananyowa mpaka inki inafufutika pamasamba angapo, ndipo pogawana masheya chaka chimenecho tinakangana masiku atatu chifukwa aliyense ankakumbukira ngongole yake mosiyana ndi mmene anzake ankaikumbukirira. N'chifukwa chake tinagwirizana zoyamba kupita ku kaofesi kena ka achinyamata awiri ophunzira za akawunti, amene amalemba mabuku a magulu ngati lathu pa kompyuta.

Ntchito yawo imayenda motere: mwezi ukatha ndimanyamula kaundula ndi mapasibuku onse, iwo amalowetsa chilichonse m'kompyuta ine ndili pomwepo, kenako amasindikiza mapepala awiri ofanana, lina la gulu, lina lawo. Timalipira K12,000 pamwezi, ndalama imene poyamba mamembala ena anaidandaula.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri ndi kalembedwe kawo. Kwacha iliyonse amailemba pawiri. Membala akakongola K50,000, mbali imodzi imasonyeza kuti ndalamayo yachoka m'bokosi, ndipo mbali inayo imasonyeza kuti yakhala ngongole pa dzina la membalayo. Akabweza ndi chiwongoladzanja, zonsezo zimalembedwanso mbali ziwiri. Pomaliza mbali ziwirizo ziyenera kupherezera, ndipo zikapanda kutero sasindikiza pepala mpaka cholakwikacho chitapezeka. M'mwezi wachitatu anapeza kuti K8,000 imene inalowa m'bokosi sindinaichotse pa ngongole ya mayi amene anabweza, ndipo mayiyo akanalipira kawiri pakanapanda kufufuza kumeneku.

Njirayi ndi yakale kuposa kompyuta ndi zaka mazana ambiri. Amalonda a ku Italy ankaigwiritsa ntchito kale, ndipo Luca Pacioli, wansembe wa chipani cha Franciscan amenenso anali mphunzitsi wa masamu, anaifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la masamu limene linasindikizidwa ku Venice mu 1494. Mfundo yakuti malongosoledwe amenewa anatuluka m'buku la masamu imandiuza chinthu chimodzi chofunika: kusunga mabuku a chuma kunamangidwa pa lamulo lakuti mbali ziwiri zikhale zofanana, ndipo lamulolo limathandiza kugwira zolakwika zambiri za mlembi. Ngakhale manambala amene timalemba m'mapasibuku athu, kuphatikizapo ziro, anachokera ku India, anadzera kwa akatswiri a masamu a ku Baghdad monga al-Khwarizmi, ndipo ku Ulaya anafalitsidwa ndi Leonardo Fibonacci mu 1202 powonetsa amalonda mmene angawerengere phindu ndi chiwongoladzanja.

Chachiwiri chimene ndikuwayamikira n'chakuti safufuta. Akapeza cholakwika, mzere wolakwikawo amausiya, n'kulemba wina wokonza pansi pake, wokhala ndi tsiku ndi dzina la amene wakonza, ndipo ine ndi msungichuma timasaina. Mamembala anamvetsa msanga zimenezi, pakuti n'zofanana ndi bokosi lathu la maloko atatu limene makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana. Masiku ano mabanki ndi maofesi a boma akamalankhula za kayendetsedwe ka deta, kutanthauza zinthu zolembedwa zimene amasunga monga mayina ndi manambala, mafunso ake ndi omwewa amene alembi a chuma anayamba kuwafunsa: ndani walemba, ndani ali ndi mphamvu yosintha, ndani watsimikizira, nanga ndani ali wololedwa kuona.

Funso lomalizali ndi limene kaofesika kakulephera kuyankha bwino, ndipo nkhaniyi imandipweteka. Polembetsa gulu anatipempha mafotokope a ziphaso zaunzika za mamembala onse, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkawaona ataunjikidwa patebulo pamodzi ndi a magulu ena, pamene aliyense wobwera kudzatchajitsa foni akanatha kuwaona. Kompyuta inayang'ana kukhomo. Pa Ngabu timadziwana, ndipo munthu woima pakhomo kwa mphindi ziwiri akhoza kuwerenga kuti mayi wakutiwakuti ali ndi masheya angati ndiponso ngongole yochuluka bwanji. Alipo amayi m'gulu lathu amene amasunga ndalama za fizi ya ana mwakachetechete pa zifukwa zawo za m'banja, ndipo chinsinsi chimenecho chikaululika, mavuto ake amakagwera iwo kunyumba. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, limene bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA linapatsidwa udindo wolilondoloza, ndipo aliyense wosunga mayina, manambala a ziphaso ndi ngongole za anthu ayenera kulidziwa, ngakhale ofesi yake ikhale ya chipinda chimodzi.

Chinanso chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti mabuku a magulu onse ali pa laputopu imodzi, ndipo fulashi imene amakoperapo imagona m'dirowa ya tebulo lomwelo. M'chigwa chimene chinasefukira mu 2015, mu 2022 ndi mu 2023, kusunga zonse pansi pa denga limodzi n'kubwereza tsoka limene linatibweretsa kwa iwo. Za kuzimazima kwa magetsi sindidandaula, chifukwa ali ndi sola ndipo sanandibwezepo.

Nditawauza madandaulo amenewa pamodzi ndi amayi apampando, anatilandira mwaulemu. Sabata yotsatira kompyuta inali itatembenuzidwira kukhoma, mafotokope anali m'kabati yokhoma, ndipo mmodzi wa iwo tsopano amapita ndi fulashi yachiwiri kwawo. Chimene sanachitebe ndi kutilembera mgwirizano wonena kuti mabukuwa ndi a gulu, kuti sadzapereka mayina athu kwa obwereketsa ndalama kapena ku bungwe lililonse popanda chilolezo chathu, ndiponso kuti tikadzasiya adzatipatsa zonse n'kufufuta zotsala kwa iwo. Tawakumbutsa kawiri.

Gulu lina likandifunsa, ndimaliuza kuti lipite, koma liyambe lapempha mgwirizanowo lisanapereke chiphaso cha membala aliyense. Ife tagwirizana zopitiriza nawo mpaka tidzagawane masheya mu Disembala, ndipo mapepala athu osindikizidwa timawasunga m'ndowa ya pulasitiki yovindikira kunyumba kwa membala amene amakhala kumtunda.