HMS Belfast ku London: tikiti yake siiwawa

Mukafika ku London, sitima yakale yankhondo ya Britain ya HMS Belfast imene yaima pa mtsinje wa Thames, pafupi ndi Tower Bridge, musangoijambula muli pamtunda. Gulani tikiti mulowe. Koma valani nsapato zafulati, chifukwa makwerero ake ndi ochita kuimirira ndipo sitimayi ili ndi nsanjika 9. Ine pofika kuchipinda cha injini, pansi penipeni, maondo anali atayamba kale kudandaula.

Chandikondweretsa n'chakuti oyang'anira malowa, a Imperial War Museums, sabisa zoti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inaiyambira moipa. Mu Novembala 1939 inaponda bomba la m'madzi ku Firth of Forth, ku Scotland, msana wake n'kuthyoka, ndipo inakhala ikukonzedwa mpaka 1942. Zaka zitatu anzake akumenya nkhondo, iyo ili gone.

Mbiri yake yagona pa 26 Disembala 1943, ku North Cape, panyanja ya kumpoto kwa Norway, tsiku limene sitima ya Ajeremani ya Scharnhorst inamira. Mwana wanga anatuluka akukhulupirira kuti Belfast ndi imene inaimiza. Ayi ndithu. Mizinga ya Belfast ndi ya mainchesi 6, yosakwanira kuboola chitsulo cha chimphona ngati Scharnhorst. Imene inaiphwanya ndi sitima ina ya Britain, HMS Duke of York, ya mizinga ya mainchesi 14, kenako matopido (mabomba oyenda pansi pa madzi) anamalizitsa. Ntchito ya Belfast inali kuona mdani pa radar mumdima wa ku Arctic, kumulondola maola ambiri osamutaya, kenako n'kuombera zipolopolo zowalitsa m'mwamba kuti mizinga ikuluikulu ione pomenya. Kwa ine imeneyo si ntchito yaing'ono, kungoti alenje amatama woponya mkondo n'kuiwala wolondola mapazi. Mwa anthu pafupifupi 2,000 amene anali mu Scharnhorst, anapulumuka 36 okha.

Za D-Day (tsiku limene asilikali a Britain ndi anzawo anakocheza ku France kukamenyana ndi Ajeremani) mu Juni 1944 ndi za nkhondo ya ku Korea ziliponso, koma sizinandigwire mtima chimodzimodzi.

Malo amene ndinachedwapo ndi chipinda cha zipolopolo. Zandandalikidwa mozungulira, pafupi ndi makina amene ankazikweza kupita kumizinga. Mulibe windo, ndipo amene ankagwira ntchito mmenemo sankaona n'komwe amene akumuombera.

Potuluka yang'anani mizinga yakutsogolo. Inalozetsedwa ku London Gateway, malo opumulirapo apaulendo pamsewu wa M1, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, pofuna kuonetsa pamene chipolopolo chake chingakagwere. Mupatule maola awiri kapena atatu, ndipo agogo ovutika miyendo ndi bwino akhale pansanjika zapamwamba.