Pedal steel kapena lap steel: iti ikuyenera juju, gospel ndi nyimbo za phee?

Magitala awiriwa amaimbidwa chogoneka, dzanja lamanzere likutsetsereza chitsulo pa nsambo, kaimbidwe kamene akale kuno ankati hauyani. Kusiyana kwake kuli kumiyendo.

Lap steel ilibe makina. Nsambo ndi 6 kapena 8, kawirikawiri zochunidwa mu C6: C, E, G, A, C, E kuyambira yonenepa. Pofuna chord (mawu angapo olira pamodzi) ina mumapendeketsa chitsulo, ndipo mukaphonya pang'ono, nsambo imodzi imatuluka mu kiyi. Ndi yopepuka, yotsika mtengo, yosavuta kukonza.

Pedal steel yochunidwa mu E9 ili ndi nsambo 10, mapedulo atatu ndi timipini tokankha ndi mawondo. Pedulo A imakweza nsambo nambala 5 ndi 10 kuchoka pa B kufika pa C#. Pedulo B imakweza 3 ndi 6 kuchoka pa G# kufika pa A. Mukaponda onse awiri, chord ya E imasanduka A chitsulo chili pomwepo. Mawu ena amayenda ena ataima, ndipo ndalama zanu zimapita pa chimenechi.

Mavuto ake ndi ambiri. Nsambo nambala 3, yonenepa mainchi .011 okha, imaduka msanga chifukwa chokokedwa ndi kumasulidwa kosalekeza, sungani zingapo. Mukaponda mapedulo thupi la gitala limapindika pang'ono, nsambo zosakokedwa n'kutsika. Pochuna yambani nsambo zokha, kenako pedulo iliyonse payokha pa timanati ta kumapeto. Mukasemphanitsa, mubwereza zonse. Ya makosi awiri kunyamula ndi ntchito.

Mu nyimbo za juju za ku Nigeria, Demola Adepoju ankaimba pedal steel m'gulu la King Sunny Adé. Mumve pa chimbale cha Juju Music cha 1982. Mizere yoteroyo, yolowa pakati pa ng'oma ndi mawu, yambiri imatheka pa lap steel. N'chimodzimodzi sacred steel, gospel ya m'matchalitchi a House of God ku America, yomwe inayamba ndi lap steel m'ma 1930, ngakhale woimba wake wotchuka Robert Randolph amaimba ya mapedulo: gitalayo imatsanzira mawu a woimba, nsambo imodziimodzi.

Nyimbo za phee, monga zomwe Daniel Lanois anaimba pa chimbale cha Apollo cha Brian Eno mu 1983, ndiye zimafunadi mapedulo. Mumakhudza nsambo volume pedal (pedulo yokweza ndi kutsitsa phokoso) ili yotseka, n'kuitsegula pang'onopang'ono chord ikusintha. Pamenepo lap steel imaperewera, ngakhale muithire reverb (yotalikitsa kulira kwa mawu) yochuluka bwanji.