Kusintha purge valve ya galimoto: ndalama zimathera pati kwenikweni?

Pa ntchito zimene zimabwera nyali ya check engine (yochenjeza za vuto la injini) ikayaka, kusintha purge valve ndi imodzi mwa zosaboola m'thumba, bola ngati valavuyo yafadi. Ife tikuti ntchitoyi ndi yoyenera kulipira, koma ndalama yoyamba ipite pa kuyeza, osati pa sipeya.

Kavalavuka ndi kokwana m'dzanja, kali ndi timapaipi tiwiri ndi pulagi ya mawaya awiri. Petulo m'thanki amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo imakodwa m'kabokosi ka makala kotchedwa canister. Injini ikatentha, kompyuta ya galimoto imatsegula valavuyi mwa apo ndi apo kuti injini ikoke nthunziyo n'kuiwotcha. Ikapanda kulandira magetsi, valavu iyenera kukhala yotseka. Ikakana kutseguka, woyendetsa samva kusintha kwenikweni, nyali yokha basi, mwina ndi kafungo ka petulo. Yosautsa ndi imene yakakamira ili yotsegula: mwangothira petulo, mukuliza galimoto, sitata ikungozungulira, ndipo injini ikalira ikunjenjemera ngati izima. Petulo polowa m'thanki wakankha nthunzi, nthunziyo yadutsa pa valavu yotsegulayo n'kudzaza intake manifold (njira yolowetsa mpweya mu injini), injini n'kutsamwa.

Pa kuyeza ndi pamene galaja yabwino imadziwikira. Makina a OBD-II, owerengera kompyuta ya galimoto, amangotulutsa nambala ya vuto, sanena kuti gulani chakuti. P0441 ndi P0496 zimaloza pa kayendedwe ka nthunzi, ndipo apa valavu ndiyo imayamba kukayikiridwa. P0443, P0444 ndi P0445 ndi za magetsi, kotero wolakwa akhoza kukhala waya woduka, pulagi ya dzimbiri kapena fyuzi. P0442, P0455 ndi P0456 zikutanthauza kuti penapake pakutuluka mpweya, ndipo nthawi zambiri ndi chitsekero cha thanki chimene labala wake wauma, kapena paipi yong'aluka. Makaniko amene wangoona P0455 n'kukuuzani mtengo wa valavu akungolota, ndipo olipira malotowo ndinu.

Kuyeza kwenikweni sikutenga nthawi. Injini ikulira galimoto ili poima, chotsani pulagi ya valavu, chotsaninso paipi yochokera ku canister, kenako ikani chala pakamwa pa valavupo. Ngati chala chikuyamwidwa, valavu ikudutsitsa mpweya pamene iyenera kukhala yotseka, yafa. Ikachotsedwa m'galimoto, kapampu kapamanja ka vacuum (kokoka mpweya) kamalumikizidwa mbali yopita ku injini: singano ya pa kapampuko iyenera kuima osatsika, ndipo valavuyo mukaigunditsa magetsi a 12V kwa kanthawi kochepa imveke kuti "tha", singano n'kugwa. Kulira kokhako si umboni, chifukwa valavu imatha kulira bwinobwino koma osatseka mokwanira. Multimeter, chipangizo choyezera magetsi, imayeza koyilo ya waya imene ili mkati mwa valavu. Pa magalimoto ambiri imaonetsa ma ohm apakati pa 15 ndi 35, koma nambala yoyenera ndi ya m'buku la galimotoyo. Pa nambala za kutuluka kwa mpweya, makina opopera utsi m'mapaipi ndiwo amathetsa mkangano, poti kabowo ka theka la milimita simungakaone ndi maso. Galaja imene ili ndi makinawa, ngakhale ilipiritse kuyeza padera, imatuluka yotchipa pamapeto.

Mtengo wa ntchito yamanja umadalira pamene valavu yakhala. Pa magalimoto ambiri ili poonekera mukatsegula boneti, yomangidwa ndi bawuti imodzi kapena yongokolekedwa pa kachitsulo, ndipo mphindi 15 mpaka 30 zikwana. Pa ena inabisika kuseri kapena pansi pa intake manifold, ndiye ntchito imapitirira ola, mwinanso pafunika gasiketi yatsopano. Funsani ili pati musanavomereze mtengo. Chimene chimawonongeka kawirikawiri pochotsa ndi timakilipi tapulasitiki ta mapaipi, timene timauma ndi kutentha kwa injini. Timafunika kufinya mbali zonse n'kukoka molunjika; wokanula ndi sikuludiraiva amathyola, ndiye mugulanso paipi yonse. Pobwezeretsa, muvi umene uli pa mavalavu ena uloze ku injini.

Nanga sipeya? Yochokera kwa opanga galimotoyo ndiyo yodula, makamaka pamene amaigulitsa yolumikizidwa kale ndi mapaipi ake. Ya makampani ngati Denso kapena Bosch, amene amapangiranso mafakitale a magalimoto, ndiyo timaiona yoyenera ndalama yake. Zopanda dzina zotchipa kwambiri sitikuzivomereza: zina sizitseka mokwanira zikadali zatsopano, zina koyilo yake sigwirizana ndi zimene kompyuta ikuyembekezera, nyali n'kuyakanso. Yakale yochotsa pa galimoto ina, ayi ndithu, pokhapokha iyezedwe inu mukuona. Gulani potengera nambala ya sipeya kapena VIN (nambala ya chasisi ya galimoto yanu), chifukwa mavalavu ofanana maonekedwe amasiyana pulagi ndi kukula kwa kamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasandutse ntchito yaing'onoyi kukhala yodula, ndipo ambiri amachidumpha. Valavu yakale ikachotsedwa, igogodeni pa pepala loyera. Mukaona timibulu takuda, ndi makala ochokera mu canister, kutanthauza kuti canister yasweka mkati. Valavu yatsopano idzatsekekanso ndi makala omwewo posakhalitsa. Apa pafunika canister yatsopano, imene mtengo wake umaposa wa valavu ndipo nthawi zambiri imakhala pansi pa galimoto pafupi ndi thanki, komanso kupemerera mapaipi ndi mpweya atachotsedwa mbali zonse ziwiri. Chimene chimapha canister kawirikawiri ndi chizolowezi choonjezera petulo pampu itadula kale. Petulo wamadzi amalowa m'makala, pamene makalawo anapangidwira nthunzi yokha.

Kodi mungayendebe osakonza? Kwa kanthawi, inde, galimoto siima panjira chifukwa cha ichi. Koma valavu yotsegula imasokoneza kusakanikirana kwa petulo ndi mpweya, sitata ndi batire zimavutika pa kuthira kulikonse, ndipo nyali ikangokhala chiyakire simudzadziwa vuto lina lalikulu likabwera.

Nyali kuzima potuluka m'galaja sikutanthauza kuti zatheka, poti kufufuta nambala ndi kungodina batani. Kompyuta imadziyezanso yokha pakapita maulendo angapo, pa magalimoto ambiri injini ikayamba ili yozizira ndipo petulo ali pakati pa 15 ndi 85 peresenti ya thanki. Izi zimatha kutenga masiku. Choncho pa lisiti palembedwe nambala ya vuto imene inapezeka, nambala ya sipeya imene yaikidwa, ndi kutalika kwa waranti, ndipo valavu yakale akupatseni.