Maphunziro a Loweruka a za ufulu ku Ulongwe: pitani, koma mapepala ndiye vuto

Kuseri kwa msika wa Ulongwe, kuno ku Mozambique, kuli aphunzitsi ena opuma pantchito amene amaphunzitsa za malamulo aakulu a dziko Loweruka masana. Munthu amalipira 50 meticais, n'kukhala pabenchi m'kachipinda kamalata. Bolodi yake ndi chitseko chakale chopaka utoto wakuda.

Chimene ndawakondera bambowa n'chakuti safotokoza ufulu ngati mphatso ya boma. Amaonetsa kuti anthu anachita kukanganirana. Anayambira ku Philadelphia mu 1787, kumene George Mason anakana kusaina malamulo atsopano a America poti munalibe ndime zoteteza munthu wamba. James Madison poyamba ankati ndimezo n'zosafunika, koma mu 1789 ndi yemweyo anazibweretsa kunyumba ya malamulo, ndipo 10 zinavomerezedwa mu 1791. Aphunzitsiwo sanabise kuti Mason ndi Madison yemwe anali ndi akapolo. Apa ndinawapatsa ulemu.

Atafika pa zakwathu m'pamene m'chipindamo munatentha. Malamulo a 1975 anavomerezedwa ndi akuluakulu a chipani cha Frelimo okha ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane. Lamulo lokwapula olakwa pagulu linabwera mu 1983. Mu 1990, nkhondo yapachiweniweni isanathe, boma la Pulezidenti Chissano linatumiza zolembazo kwa anthu kuti akambirane, ndipo malamulo atsopano analola zipani zambiri, anapereka ufulu wolankhula, n'kuthetsa chilango cha imfa. Agogo ena a ku Domwe anakweza dzanja: "Aphunzitsi, ine chikoticho ndinachiona ndi maso angawa." Bambowa anatula choko, nakhala pansi, nawasiya agogowo afotokoze mpaka kumaliza. Ambirife tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi imeneyo, zokambirana za 1990 zinatidutsa, ndiye tinkangomva ngati zachilendo.

Dandaulo langa ndi mapepala. Amalankhula Chichewa chomveka bwino, koma zimene amagawa n'za Chipwitikizi chokhachokha, zojambula pamakina mpaka zilembo kufufutika. Amayi amene ndinakhala nawo benchi limodzi anangolipinda pepalalo n'kumanga pansalu. Kunyumba akaliwerenga bwanji? Komanso za ku America zimadya nthawi yambiri, mwakuti malamulo a 2004, amene tikuyendera panopa, amangowathamangira dzuwa litapendeka anthu akuganiza za chapa, minibasi yobwerera kwawo.

Ndalamayo siikupweteka. Fikani msanga chifukwa mabenchi ndi ochepa, ndipo tengani kope lanu kuti muzilemba nokha m'Chichewa.