Pulinta ya Epson L3250 mu ofesi ya ahedi: imakwana pa makalata a unduna, pa mayeso ayi

Masiku ano kalata ya Unduna wa Zamaphunziro imayenda pa foni. Imachoka ku Capital Hill, n'kutsikira ku ofesi ya maphunziro pa boma la Dedza, kuchoka apo n'kupita kwa alangizi a zoni ku TDC (malo a maphunziro a aphunzitsi a m'zoni), ndipo ahedi a ku Lobi, ku Mayani kapena ku Golomoti amaipeza pa WhatsApp tsiku lomwelo. Vuto n'lakuti kalata ya pa foni siikhomeka pa bolodi. Aphunzitsi sangasainepo kusonyeza kuti aiwerenga, ndipo oyendera sukulu akafika amafuna kuiona m'failo. Kalendala ya chaka, malangizo a kalembera wa ana a Sitandade 8 olemba mayeso a MANEB, mafomu a kalembera wa sukulu wa chaka ndi chaka, zonsezi zimafunika papepala. Kukwera njinga kupita pa tauni chifukwa cha masamba atatu n'kutaya tsiku la ntchito, n'chifukwa chake makomiti ena a sukulu amaganiza zogula pulinta yawoyawo. Imodzi mwa zomwe ogulitsa amakonda kuloza ndi Epson EcoTank L3250.

Ndi kabokosi kakang'ono kolemera makilogalamu pafupifupi 4, kamene kamasindikiza, kuchita fotokope ndi kusikana. Ilibe makatiriji. Ili ndi mathanki anayi oonekera kutsogolo omwe mumathiramo inki ya m'mabotolo a nambala 103, botolo lililonse mamililita 65: yakuda, yabuluu, yofiirira ndi yachikasu. Kukamwa kwa botolo lililonse kumangolowa pa thanki yake, ndiye kusokoneza mitundu n'kovuta, komanso inki imasiya yokha kutsika ikafika pa mzere wapamwamba. Osafinya botolo. Tsiku loyamba makina amatenga mphindi pafupifupi khumi akukoka inki kulowetsa m'timapaipi, ndipo nthawi imeneyi magetsi asazime. Ngati muli pa ESCOM ndipo magetsi akuphethiraphethira, ntchito iyi ichitikire pa batire.

Ubwino wake waukulu kwa sukulu ya kumudzi ndi magetsi omwe imadya. Ikamasindikiza imakoka mawati pafupifupi 12 okha. Pulinta ya leza imafuna mawati mazana angapo chifukwa imayamba yatenthetsa chitsulo chomatira tona (inki yake ya ufa) papepala, ndipo inveta yaing'ono imangolira n'kuzima. L3250 imayenda bwinobwino pa sola wamba wa panelo imodzi, batire limodzi ndi inveta yaing'ono, yemwe amatchajanso mafoni a aphunzitsi.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti sifuna kompyuta. Ili ndi Wi-Fi Direct, kutanthauza kuti foni imalumikizana ndi pulinta mwachindunji popanda rauta komanso popanda kudya bandulo. Mumaika pulogalamu ya Epson Smart Panel pa foni, ndipo apa pokha ndi pofunika intaneti. Mukatero mumayatsa Wi-Fi Direct pa pulinta, n'kusaka pa foni dzina loyamba ndi DIRECT, n'kulowetsa nambala yachinsinsi yomwe imapezeka pa pepala la netiweki limene pulinta imasindikiza yokha. Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi ichi: foni ikaona kuti Wi-Fi imeneyi ilibe intaneti, imathawira ku data ya TNM kapena Airtel, pulinta n'kusowa. Zimitsani data ya foni kaye musanatumize kalata. Pulinta ilibe sikirini, imangolankhula ndi timagetsi tophethira, choncho kabuku kake kasatayidwe.

Kusindikiza kalata yochokera pa WhatsApp kuli ndi msampha wina umene sukhudza makina konse. Kalata ikabwera ngati PDF imatuluka yoyera, zilembo zakuthwa, chidindo chowerengeka. Koma nthawi zambiri imabwera ngati chithunzi chojambulidwa pa tebulo, mthunzi wa dzanja uli pakona, ndipo WhatsApp yachifinya kale. Pepala limene maso akuona ngati loyera pa foni, pulinta imaliona ngati lotuwa, ndiye imapaka inki tsamba lonse. Tsamba limatuluka lonyowa, lopindika, nambala ya kalata ndi tsiku zosaoneka bwino. Kampani imati botolo limodzi la inki yakuda limafika masamba 4,500 ndipo atatu amitundu pamodzi masamba 7,500, koma ziwerengerozi anaziyesa pa masamba oyera okhala ndi zolemba zapakatikati. Pa zithunzi zotuwa musayembekezere kufika pamenepo. Alangizi a zoni amene ali ndi pulinta iyi ku TDC angathandize zoni yonse pongoika kalata pa galasi, kuisikana ngati PDF, n'kuitumiza ngati dokyumenti. Posindikiza sankhaninso zakuda zokha, chifukwa mukasiya mmene inabwerera imasakaniza mitundu yonse inayi kuti ipange utoto wotuwawo.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga makalata oitanira makolo, maminitsi a komiti ya sukulu ndi a PTA, pulani yotukulira sukulu (SIP), malipoti a mwezi, kapena fotokope ya malisiti a ndalama za boma zotukulira sukulu (SIG), liwiro lake la masamba 10 pa mphindi limakwana. Zamitundu zimatuluka masamba 5 pa mphindi. Chosowa chimene mlembi wa komiti adzachimva msanga n'chakuti ilibe chokokera mapepala chapamwamba. Chikalata cha masamba 30 mumachiika pa galasi tsamba limodzilimodzi. Kusindikiza mbali zonse ziwiri nakonso n'kwamanja: mumasindikiza masamba a 1, 3, 5, n'kutembenuza mtolo, n'kubwezeranso. Yesani ndi mapepala awiri kaye, poti kutembenuza molakwika kumaononga mtolo wonse.

Pa mayeso a kumapeto kwa teremu ndi pomwe ogulitsa sanena zonse. Tiyerekeze sukulu ya ana 1,200, aliyense akulemba mapepala asanu ndi limodzi a masamba awiriawiri. Amenewa ndi masamba 14,400, marimu pafupifupi 29 a mapepala 500. Pa masamba 10 pa mphindi, makina ayenera kuyenda maola 24 osapuma. Thireyi ya kumbuyo imanyamula mapepala 100 okha, ndiye wina aimirire pambali n'kudzaza ka 144, kwinaku akuchotsa otuluka asanagwere pansi. Mabotolo atatu a inki yakuda atha, lachinayi layambidwa. Timatayala tokoka mapepala timaterera ndi fumbi la mapepala, ndipo makina amayamba kukoka awiriawiri kapena kulephera kukoka. Ntchito yotere ndi ya makina akuluakulu a fotokope a pa boma. Kumene L3250 ingathandize ndi kutulutsa kope loyamba loyera lomwe mukachulukitse kumeneko, komanso mayeso oyeserera a kalasi imodzi ya Sitandade 8.

Inki ya 103 ndi yosungunuka m'madzi, yakuda yomwe. Dontho limodzi la denga lodontha likagwera pa kalata, zilembo zimayenderera ngati utoto wa chitenje chotchipa. Chala chonyowa ndi thukuta chimasiya chizindikiro, ndipo cholembera chowalitsira mawu chimakoka inki. Ku Bembeke ndi pa boma, komwe nkhungu imakuta mapiri m'mawa wa Juni ndi Julayi, pepala lokhomedwa pa bolodi la pakhonde silichedwa kufufuma ndi kuzilala. Kalata iliyonse yofunika kusungidwa zaka, monga ya kusamutsidwa kwa mphunzitsi, ya ndalama kapena ya chilango, ilowe m'kathumba ka pulasitiki isanalowe m'failo, ndipo PDF yake isungidwe pena. Rimu yotsegula isasiyidwe pa simenti nyengo ya mvula. Mapepala akamwa chinyezi amamatana n'kukodwa m'kati. Abwezereni m'chikutiro chawo, ndipo musanawaike m'thireyi apepeseni m'manja kuti alekane. A 80 gsm (nambala ya kukhuthala kwa pepala yolembedwa pa chikutiro) ndi omwe amayenda bwino. Opyapyala amaonetsa inki kuseri.

Mdani wina ndi tchuthi. Mutu wosindikizira uli ndi timabowo tating'onoting'ono timene timatsekeka inki ikauma. Sukulu ikatseka mu Julayi n'kudzatsegula mu Seputembala, pulinta itangokhala, tsamba loyamba limatuluka ndi mizere yoyera pakati pa zilembo. Ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kotentha, ngoziyi ndi yokulirapo kuposa kumtunda. Mankhwala ake ndi otchipa: tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse sabata iliyonse, ngakhale pa tchuthi. Pozimitsa gwiritsani batani lake kuti mutu ubwerere pamalo pake n'kuvindikirika. Kuzula pulagi kapena kuthimitsa inveta makina ali pakati kumasiya mutu pamtunda. Mizere ikaoneka, sindikizani tsamba loyesera timabowo, kenako tsukani mutu kudzera pa pulogalamu. Mukatsuka katatu osasintha, malangizo a kampani amati isiyeni maola 12 musanayesenso. Kutsuka kobwerezabwereza kumamwa inki yambiri, ndipo inki yotayikayo imapita m'kasiponji ka m'kati. Kasiponjiko kakadzaza makina amaima ndithu mpaka mmisiri awaone, ndipo kwa ambiri kuno zikutanthauza ulendo wa ku Lilongwe. Inki isatsike kupyola mzere wapansi, apo ayi mpweya umalowa m'timapaipi. Ponyamula, pa kabaza kapena pa minibasi, ikhale chilili, zivindikiro za mathanki zitatsekedwa, isapendeke.

Za mtengo sitingaike nambala yokhalitsa. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja amasintha mtengo kawirikawiri, ndiye kotesheni ya mwezi watha isakhale poyambira bajeti. Ngati igulidwe ndi ndalama za sukulu, iyambe yalowa mu SIP, komiti ivomereze m'maminitsi, makotesheni atatu apezeke, ndipo ilembedwe m'kaundula wa katundu pamodzi ndi nambala yake ya kuseri. Pa kotesheni yomweyo pemphani kuti alembepo mtengo wa botolo la 103 lakuda, chifukwa ndilo lidzagulidwe kawirikawiri. Funsani ngati mabotolo oyambira ali m'bokosi osamatula, ngati chingwe cha USB chilimo, ndi komwe amakonzera makina akafa nthawi ya waranti. Inki yothira m'mabotolo opanda dzina ndi yotchipa pogula, koma ikatseka mutu, kugula mutu wina kumadya gawo lalikulu la mtengo wa pulinta yatsopano. Sukulu yomwe ili kale ndi laputopu ikhoza kutenga L3210, mng'ono wake wopanda Wi-Fi amene amamwa inki yomweyo. Koma kumene makalata onse amafikira pa foni ya ahedi, ndalama yoonjezera ya L3250 ndi yoyenera kulipira.